Zala za Kumapazi za Amayi

Amayi atatuluka m'chipatala chiuno chinali chitayamba kupola, koma tsitsi linali litawonongeka. Miyezi iwiri yogona chagada inalipiringiza kunkhongo mpaka linangokhala chinthu chimodzi cholimba ngati chisa cha mbalame. Linali tsitsi lalitali, la imvi zokhazokha, ndipo chibadwire ine sindinaonepo likumetedwa.

Achemwali anga, amene ndi namwino, analidina ndi chala n'kupukusa mutu.

"Ili ndi lometa basi. Pansi pakepa sipakulowa mphepo, patuluka zilonda. Loweruka ndibwera ndi sizasi."

"Metani, ana anga," anatero amayi akumwetulira. "Ndi tsitsi chabe, limera lina."

Koma madzulo ake ndikuwayalira pabedi, ndinapeza chipeso chawo chakale chamano akuluakulu atachibisa kunsi kwa pilo. Ndinachibwezera pomwepo.

Ine ndimagwira ntchito pa kafakitale ka sopo, ndipo ntchito yanga ndi yosakaniza. Chipinda changa cha kuntchitoko chili ndi sikelo, kambaula, mabotolo, ndi zenera loyang'ana kumene magalimoto amapakira katundu. Abwana anali atandituma kale kupanga shampu yofewetsa tsitsi kuti lizipeseka mosavuta, ndipo ndinali nditafika pa botolo lachisanu ndi chimodzi. Vuto linali poyesera. Tinkayesa pa mitolo ya tsitsi logula yopachika pamisomali, tsitsi lowongoka, loterera kale, loti ngakhale mutalichapa ndi sopo wotsukira mbale limapeseka. Botolo lililonse linkakhoza mayeso, ine osaphunzirapo kanthu.

Lolemba ndinapempha abwana kuti nditengeko mabotolo kunyumba, ndipo anavomera. Njira yathu yoyesera ndi iyi: umagawa mutu pakati ndi mzere, mbali ina n'kusambitsa ndi botolo ili, inayo ndi botolo lina, kenako umapesa n'kufunsa mwini mutu. Ndinawakhazika amayi pampando pakhonde, thawulo m'khosi, beseni pansi, ndipo ndinayambira tsitsi lakutsogolo lomwe linali lisanamangane kwambiri. Abambo, amene dazi lawo limawala ngati mbale yatsopano, anadzipatsa okha ntchito yogwira kalilole.

"Adokotala a thovu," anatero, "mukamaliza apo mudzandiyese inenso. Ine sindivuta kupesa."

Ndinapesa kumanzere, ndinapesa kumanja.

"Amayi, kwapweteka kuti?"

"Konse kuli bwino, mwanangu."

"Sikungakhale bwino konse. Mbali ina iyenera kuposa inzake."

"Ndiye zaposana zonse."

Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Ndinalemba m'kope langa kuti "konse kuli bwino" kachiwiri, nditakhumudwa. Masiku anali kutha.

Lachitatu m'mawa abambo anandinyamulira chikwama mpaka pageti, chinthu chomwe amachita akafuna kunena zapambali.

"Iwe, ukufunsa pakamwa? Pakamwa pa amayi ako sipanatulukepo dandaulo. Tsiku lina anadya chakudya chopserera chomwe ndinaphika ine, n'kupempha china. Uziyang'ana kumapazi. Chinthu chikawapweteka, zala zimapinda. Zaka makumi anayi ndi zinayi ndakhala ndikuwerenga zala zimenezo, n'chifukwa chake banjali lilipobe."

Madzulo ndinawavula amayi patapata, ndikunamizira kuti zisanyowe. Kumanzere ndinathira botolo lachisanu ndi chimodzi, lomwe abwana ankalikonda chifukwa cha thovu lake lambiri. Chipeso chitangolowa, zala zonse khumi zinapinda ngati za nkhuku yogwira nthambi. Kumanja ndinathira lachisanu ndi chiwiri, la thovu lochepa lomwe ndinasakaniza masana omwewo. Zinapinda ziwiri zokha.

"Konse kuli bwino," anatero amayi.

Abambo anabisa nkhope kuseri kwa kalilole, mapewa akugwedera.

Tsopano ndinadziwa kolowera. Tsitsi lili ndi timamba tating'ono ngati ta nsomba. Sopo akakhala waukali timambato timatseguka n'kumakolana ndi tinzake, ndipo mfundo zimayambira pamenepo. Ndinachepetsanso mankhwala otulutsa thovu. Ndinawonjezera ufa wina wochokera ku nyemba womwe umachititsa tsitsi kuterera, giliserini pang'ono wosunga chinyezi, ndi mafuta a kokonati. Koma mafutawo ndinachita nawo dyera. Lachinayi masana botolo lachisanu ndi chitatu linali litapatukana, mafuta pamwamba, madzi pansi, ngati anthu okwiyirana.

Lachisanu ndinalawirira. Ndisanayatse kambaula ndinaima kaye pasikelo n'kupemphera mwachidule. Sindinapemphe chozizwitsa, ndinangopempha dzanja losafulumira. Mafuta ndinathira theka la dzulo lake. Asidi wa mandimu, amene amagonetsa timamba tija, ndinathira dontho limodzilimodzi, ndikuviika kapepala koyezera ukali mpaka kanasiya kubiriwira n'kuyamba chikasu. Pomaliza kamchere kolimbitsa. Botolo lachisanu ndi chinayi linatuluka loyera ngati mkaka, ndipo linakhala pamodzi mpaka nthawi yoweruka.

Abwana analipaka m'manja n'kukwinya nkhope. "Thovu lake lili kuti?"

"Lapita kutchuthi, bwana. Ndipatseni mpaka Lolemba."

Madzulo amenewo zala za amayi zinagona phee pasimenti mbali ya botolo latsopanolo. Koma kumeneko kunali kutsogolo. Chisa chija chinali chikudikirabe kunkhongo.

Loweruka achemwali anafika dzuwa litakwera pang'ono, sizasi ili m'thumba la malaya.

"Ndipatseni ola limodzi, achemwali."

"Ola limodzi. Likakwana ndimeta, usandiyese wankhanza."

Ndinanyowetsa tsitsilo ndi madzi ofunda, n'kuthira shampu yambiri mpaka inalowa mkati mwa chisacho, ndipo tinadikira. Kenako ndinayamba kumasula ndi zala, kuyambira kunsonga kukwera pang'onopang'ono. Abambo anasiya kalilole, anakoka kampando n'kukhala kumapazi kwa amayi ngati mlonda.

Achemwali anaonerera manja ali m'chiuno, mpaka analephera kupirira.

"Tasendera iwe. Ukukoka ngati ukuzula udzu. Gwira kumizu ndi dzanja linalo."

Anagwada pambali panga n'kuyamba mbali yawo. Manja a namwino ndi odekha kuposa anga, ndipo tsitsi linayamba kuwamvera, kachingwe kamodzikamodzi. Ola lija linakwana, linapitirira, koma palibe amene anayang'ana wotchi.

"Imani!" anakuwa abambo. "Chala chachikulu chakumanja chapinda!"

Tinaima. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono, thovu likutsika m'khutu.

"Abambo ake, mwati chiyani?"

"Ine? Ndati kunja kwacha bwino."

Amayi anayang'ana mapazi awo, anayang'ana ine, kenako amuna awo.

"Ndiye sabata yonseyi mwakhala mukundiwerenga ngati nyuzipepala? Inu, mwaulula zinsinsi za m'nyumba kwa ana!"

"Ndaulula chimodzi chokha. Za mphuno sindinanene."

Achemwali anaseka mpaka anakhala pansi m'madzi otayika. Amayi anayesa kubisa phazi lina kuseri kwa linzake, koma nawonso kuseka kunawapeza.

"Chabwino," anatero akupukuta misozi, maso ali pa achemwali. "Poti mwandigwira, apo pamene pali mng'ono wakoyo pakupweteka. Pang'ono."

Kanali koyamba kumva mawu amenewo pakamwa pawo. Ndinathirapo shampu ina n'kupita mofatsa.

Dzuwa lili pamutu chisa chinali chitatha, kupatula mfundo imodzi yaikulu ngati chala chamanthu, yomwe inakana mafuta, zala, ndi kunyengerera konse. Imeneyo achemwali anaidula ndi sizasi yawo. Pansi pake khungu linali litafiira, latsala pang'ono kutseguka.

"Waona?" anatero chapansipansi, akupakapo mankhwala.

"Ndaona, achemwali. Munanena zoona."

Titatsukuluza, tsitsi linagwera pamapewa lofewa, lotuwa ngati thonje. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge chipeso changa cha kuntchito, koma amayi anandigwira mkono. Anapisa m'thumba la diresi n'kutulutsa chawo chakale chija.

"Pesa ndi ichi."

Chinalowa pamphumi n'kutsika mpaka kunsonga osaima. Tonse atatu maso anali pansi. Zala khumi zinali gone pasimenti, zikuwothera dzuwa. Amayi anatseka maso, milomo ikuyenda mwakachetechete, ndipo tinawasiya mpaka anamaliza.

"Tsopano," anatero potsegula maso, "wina andipatse patapata zanga. Ndipo kuyambira lero ndizivala sokosi."