Oyilo wa Njinga ya a Zakeyu

A Zakeyu anakonza njinga zamoto pa Thambani kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, mpaka tsiku limene anagwa mu shedi yawo sipanala ili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka patatha masabata asanu, mkono ndi mwendo wakumanja zitafooka, pakamwa patapotoka. Koma chimene chinawawawa kwambiri akazi awo, a Liness, chinali mawu. Munthu amene ankayankhula Chichewa, Chinyungwe cha makasitomala ochokera ku Zobue ndi Chingerezi cha m'mabuku a injini, anatsala ndi liwu limodzi lokha: "Chabwino." Akamva ludzu ankati chabwino. Mwendo ukawapweteka ankati chabwino. Liwulo linkangotuluka lokha, ndipo iwo eni nthawi zina ankakwiya nalo.

Achipatala anawauza kuti azipita ku boma kawiri pamwezi kukachita mafizo. Ulendo woyamba anakwera pikapu, ndipo a Zakeyu anafika atatheratu ndi mabampu komanso kupanikizana ndi matumba a nandolo. Ndi pamene a Liness anayang'ana njinga yofiira ya amuna awo imene inangokhala mu shedi, nalimba mtima kuti aphunzire kuiyendetsa. Anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Yakobe, bambo wakabaza amene kale ankakonzetsa njinga yake kwa a Zakeyu, anawaphunzitsa pabwalo la mpira, anthu akuonerera, ena akuseka. Anagwa kawiri. Mwezi usanathe anali akunyamula amuna awo kumbuyo, atawamangirira m'chiuno ndi chitenje kuti asapendeke.

Atayenda maulendo angapo, Yakobe anawaimitsa pamsika. Anatsegula pothirira oyilo, nakhudza ndi chala.

"Mayi, oyiloyu watha ntchito. Taonani kuda kwake. Musapitenso ku boma musanasinthe, mungaphe injini."

"Ndigule pamsika pompano?"

"Wa m'mabotolo a madziwo ayi. Simungadziwe zimene asakanizamo. Pezani wosatsegula."

Atatero anapeza kasitomala, nanyamuka wa ku Mozambique kumene ankakhala masiku angapo.

A Liness anali ndi foni imene anawapatsa mwana wawo Anne wa ku Blantyre. Pa Fesibuku panali gulu la anthu a ku Mwanza kumene ankatsatsirana malonda, mbuzi, manachesi, malata ndi zina. Mmenemo anaona uthenga wa mayi wina dzina lake Latifah, wa shopu ya zipangizo pa boma, wonena kuti watsitsa mtengo wa oyilo kwa sabata imodzi pofuna malo a katundu watsopano. Pachithunzi panali mabotolo a mitundumitundu, ndipo chapakati panali chigubu chachikulu cha malita asanu chimene anachitchipitsa kuposa zonse.

A Liness anapita pakhonde pamene amuna awo anakhala, nawaonetsa foni.

"Bambo a Anne, taonani chigubu ichi. Chimenechi chitikwanira chaka chonse. Ndigule?"

A Zakeyu anasuzumira kachithunziko, nakweza dzanja lakumanzere. "Chabwino," anatero. "Chabwino, chabwino."

Anabwereza mofulumira, mutu ukugwedera, koma mutu wawo unkagwedera kawirikawiri chidwalireni. A Liness anali atatopa, ndipo mumtima anali atasankha kale. Analembera Latifah kuti akufuna chigubu chachikulucho, natumiza ndalama pa foni. Mawa lake masana, dalaivala wa pikapu anawatsitsira katundu wawo pa siteji.

Anafika nacho pakhomo akumwetulira. Anakankha njinga kuitulutsa mu shedi, naiimika pafupi ndi mpando wa a Zakeyu kuti aone. Anadula chidindo cha pachivindikiro, natsegula. Chigubu chikadali pansi, iwo akufunafuna beseni, anamva phokoso kumbuyo. A Zakeyu anali atachikankha ndi ndodo yawo. Oyilo ankatuluka khuthukhuthu, kulowa m'dothi.

A Liness anachidzutsa theka litapita kale. Anaimirira manja ali noninoni.

"Mwatani inu? Mwatani? Ndimakusambitsani, ndimakunyamulani, ndaphunzira kukwera chinthu ichi ndi ukalamba wangawu anthu akundiseka, lero mukunditayira oyilo? Simunavomere nokha dzulo?"

"Chabwino," anatero a Zakeyu, akumenya ndodo pansi.

"Zaka zonsezi simunandilolepo kugwira ngakhale sipanala. Munkati shedi si malo a amayi. Ndiye lero ndidziwa bwanji? Ngati kukuwawani kuti njinga yanu ndikuyendetsa ine, nenani. Nenanitu chimene mukufuna!"

Mawu omalizawo atangotuluka, a Liness anadziwa kuti alasa pabala. A Zakeyu anatsegula pakamwa, milomo ikulimbana, kenako anatseka. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Tsiku limenelo anakana kudya, ndipo awiriwo sanayang'anizanenso.

M'mawa mwake a Liness anawakhazika pakhonde monga mwa masiku onse, napita kumjigo. Kunali mzere wautali, ndipo anachedwako. Pobwera anapeza mpando uli wokha. Anatula ndowa, naitana. Kenako anaona mkukuluzi m'dothi wolowera ku shedi.

A Zakeyu anali chigonere pakhomo la shedi, bondo litasupuka, malaya ali fumbi lokhalokha. Anali atayenda ndi ndodo mpaka pakati pa bwalo, nagwa, nadzikoka ndi mkono umodzi mtunda wotsalawo. A Liness anagwada kuti awadzutse, koma iwo anakana. Analoza m'mwamba, pakona ya shedi.

Pamenepo panali waya, ndipo pawayapo panapachikidwa mabotolo opanda kanthu oposa khumi, akuda ndi fumbi. A Liness anali atawaona kambirimbiri osawalabadira. Anatsitsa limodzi, nalipukuta ndi chitenje. Panali chithunzi cha njinga yamoto, ndi zilembo zazikulu: 4T. M'munsi mwake munalembedwa 20W-50. Anatsitsa lachiwiri, lachitatu. Mayina a makampani anali osiyana, koma zilembozo zinali zimodzimodzi. Anathamangira kukatenga chigubu chija. Panali chithunzi cha galimoto.

Anakhala pansi pafupi ndi amuna awo, botolo lili pamiyendo.

"Mumakana," anatero motsitsa mawu. "Dzana lija mumakana, ine osamva. Pepani, bambo a Anne."

A Zakeyu anatseka maso, nagwira dzanja la akazi awo. Anakhala choncho kanthawi, kenako a Liness anawadzutsa, nakawatsuka bala ndi madzi amchere.

Atawagoneka, anajambula botolo lija ndi njinga yomwe, natumiza kwa Latifah. Pasanapite nthawi foni inalira.

"Mayi, ndine Latifah. Kodi oyilo uja mumafunira njinga? Ine ndimayesa ndi wa galimoto. Mwathira kale?"

"Ayi, sindinathire."

"Mwachita mwayi. Pepani, ndikanakufunsani. Mvetserani, mayi. Njinga ngati yanuyo, oyilo mmodzi yemweyo amazungulira mu injini, mu magiya ndi mu kilatchi momwe. Wa galimoto ambiri amakhala woterera kwambiri. Mukathira, kilatchi imatha kuyamba kuphonya. Pachitunda injini imangolira koma njinga osakoka."

A Liness anaganiza za zitunda za mumsewu wa ku boma, ndi munthu womangiriridwa kumsana kwawo. 

"Ndiye ndizitenga wolembedwa T?"

"4T, mayi, osati 2T. 2T ndi wa mainjini ena, wosakaniza ndi petulo. Muziyang'ananso kumbuyo kwa botolo, pazikhala zilembo zoti MA. Manambala enawo akunena za kukhuthala kwake. Njinga yanu ndi yakale, kuno n'kotentha, ndiye 20W-50 yemweyo ali bwino. Amene ankagula oyilo ameneyu amadziwa chimene akuchita. Ndi ndani?"

"Ndi amuna anga, a Zakeyu. Akudwala."

Latifah anadabwa. "A Zakeyu a ku Thambani? Amakaniki aja? Malemu bambo anga ankawagulitsa zipangizo. Ndili mwana ankabwera kushopu, n'kumanunkhiza botolo lililonse asanagule. Sindinamve kuti akudwala."

Latifah ananena mosabisa kuti chigubu chotsegula kale sangachilandire. Koma 4T analipo, nayenso pa mtengo wotsika, ndipo analonjeza kutumiza botolo la lita imodzi tsiku lomwelo. A Liness asanalipire, anapempha chithunzi cha botololo, kutsogolo ndi kumbuyo. Anachikulitsa ndi zala, napita nacho kuchipinda limodzi ndi botolo lakale lija.

"Bambo a Anne, musayankhe ndi pakamwa. Ngati ndi yemweyu, finyani dzanja langa. Ngati si iye, lisiyeni."

A Zakeyu anayang'ana nthawi yaitali, maso akuchoka pafoni kupita pabotolo. Kenako anafinya.

Anasintha oyilo tsiku lotsatira, dzuwa lisanatenthe. A Liness anakokera mpando pafupi ndi njinga, nayala masipanala onse pa saka. A Zakeyu analoza imodzi ndi ndodo. Mayiwo atafuna kuyamba kumasula, iwo anagogoda pa kiki. Zinatenga nthawi kuti amvane: ankafuna injini ilire kaye pang'ono kuti oyilo wakale afewe. Atazimitsa, anawalozera bawuti ya pansi pa injini. A Liness anakoka ndi mphamvu zawo zonse, koma sinasunthe. Ndodo inagogoda pansi kawiri. Dzanja lakumanzere linazungulira m'malere, kuonetsa kuti akulimbitsa m'malo momasula. A Liness anatembenuza sipanala, komabe bawuti inakana. Pamenepo a Zakeyu anasendeza mpando, naika phazi lawo labwino pa sipanala, naponda. Bawuti inalira kamodzi, n'kumasuka.

Oyilo wakale anatsikira m'beseni, wakuda ngati phula, wotentha pa zala. Anadikira mpaka dontho lomaliza. A Liness anabwezera bawuti, nadula botolo la madzi kupanga fanulo, nathira watsopano pang'onopang'ono. Kawiri konse anayeza ndi kamtengo ka pachivindikiro, n'kuwaonetsa amuna awo. Kachitatu a Zakeyu anakweza dzanja kuti basi. Njinga italira, iwo anapendeketsa mutu, namvetsera monga ankachitira ndi njinga za anthu. Anamvetsera nthawi yaitali ndithu.

Lachinayi anapita ku boma. Njinga inakwera zitunda zonse osadodoma. Kuchipatala, wochititsa mafizo anati mwendo ukulimba ndipo zala zayamba kumva. A Liness anamutsatira pakhonde, namufunsa za mawu. Iye anayankha mosazungulira: miyezi yapita yambiri, mwina adzabwera ochepa, mwinanso ayi. Anati apitirize kuwayankhulitsa, koma asamangodikira. A Liness anathokoza. Anaima pakhondepo pang'ono, napukuta kumaso, nabwerera kukatenga amuna awo.

Pobwerera anadzera kushopu ya Latifah. Anali mayi wamfupi, wovala mpango wobiriwira. Ataona amene ali panjinga, anasiya kasitomala, natuluka ndi mpando. Anagwada, nagwira dzanja la a Zakeyu ndi manja awiri.

"Bambo, ndine mwana wa a Haidar. Mwandikumbuka?"

A Zakeyu anamuyang'anitsitsa, natsitsa dzanja kufika m'bondo, kuonetsa msinkhu umene anamuonera komaliza. Latifah anaseka, misozi ili m'maso.

Anawapatsa tiyi. Akumwa, a Liness anafunsa kuti adzasinthenso liti oyilo, popeza mita yowerengera mtunda ya njingayo inafa kalekale. Latifah anayamba kuwerengera makilomita a ku Thambani, koma a Zakeyu anamudula. Anakweza zala zitatu, naloza kalendala ya pakhoma.

"Miyezi itatu?" anafunsa a Liness, atawapatsa dzanja.

Anafinya.

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka. A Liness anamasula chitenje, nathandiza amuna awo kutsika, nalowetsa njinga. Kenako anatola khala, nalemba tsikulo mkati mwa chitseko cha shedi.