Makoka Awiri ndi Dzina la Chingerezi

Enock adabwerera ku Senga Bay chaka cha masankho, atatha zaka makumi atatu ku Zambia komwe adathawira, akuphunzitsa ana a eni Chingerezi. Kwawo adampatsa ulemu wa mlendo. Ngakhale mng'ono wake Lawson ankamuti "aphunzitsi." Iye ankangofuna kuwerengedwa ngati wapakhomo.

Asodzi a Lawson ndi a mayi Jamila, omwe amuna awo adawasiyira khoka, adapangana zolumikiza makoka awo awiri. Kalata yolembetsa gulu kuboma inkafuna dzina la Chingerezi, ndiye adatuma Enock. Adakhala masiku atatu m'dikishonale.

Loweruka m'mawa adawapeza pansi pa mkuyu, makoka atayalidwa pamchenga.

"Koalishoni ndi ya andale, siimalizako dzinja," adayamba. "Alayansi, aliyense amasunga mpeni wake m'thumba. Federeshoni ndi chitaganya chija tidachilavula. Koma amaligameshoni..."

"Aphunzitsi, tipatseni dzina lokwana kulemba pabwato," adatero mayi Jamila. "Lathuli si sitima!"

Anthu adaseka, maso ali paukonde. Paja mgwirizano weniweni unali pamenepo: aliyense wa mbali zonse ziwiri ankamanga mfundo yake pamsoko, ndipo womanga ndiye walowa m'gulu. Ulusi udayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa Lawson. Iye adayang'ana mkulu wake kanthawi, n'kumupatsira.

Enock adagwada. Zala zidakumbuka zokha mfundo ya bambo awo, ya ulusi wa luzi la bwazi umene ankapota pantchafu, kale dziko lino lisanayambe kuvala pulasitiki. Adaimanga bwino zedi. Atakoka mbali ziwiri kuti ayese, nayiloni adaterereka, mfundo n'kumasuka.



"Ya ababa imeneyo," adatero Lawson chapansipansi. "Ndidaiwala n'komwe. Koma pa nayiloni siigwira."

Adamangapo ina mwachangu, ulusi n'kupitirira kwa wotsatira.

"Tawatengerani mpando aphunzitsi, atilembere kalata," adatero mayi Jamila mokoma mtima.

Mpando udabwera, adaupukuta ndi chitenje. Enock sadakhalepo. Adatola kachidutswa ka nayiloni kotayidwa, n'kukhala pamchenga ndi thalauza lake la suti, akusuzumira zala za mng'ono wake. Adamanga, idamasuka. Adamanganso. Msoko unkatsekeka kulowera kumapeto, patatsala mikono iwiri yokha.