Mabatani a Jekete la ku Joni

A Ambokile Mwalwanda a ku Mwenilondo anali ndi zaka zinayi pamene bambo awo, a Hudson, ananyamuka ulendo wa ku Joni mu 1953. Sanabwerenso. Patapita zaka zingapo, munthu wina wa ku Uraha wochokera ku Joniko anabweretsa jekete lakuda la mabatani amkuwa. Anati a Hudson amagwira ntchito m'sitima zamagetsi zoyenda m'misewu ya m'tauni, ndipo iyi inali yunifolomu yawo. Kalata panalibe.

Jeketelo linatha ndi njenjete kalekale, koma mabatani asanu a Ambokile anawasunga m'kachitini ka tiyi. Pa lililonse panali gudumu lamapiko ndi zilembo zitatu. Wina akanena kuti bambo awo anali mtchona chabe, iwo ankangotulutsa kachitiniko.

Maso atayamba kuchita khungu, anaganiza zofufuza kumene bambowo anaikidwa iwo asanatsikire kulichete. Anapempha mayi Prisca Chimphepo, mphunzitsi wochokera ku Dedza amene ankachita lendi pafupi nawo. Mayiwo anajambula mabataniwo pa foni n'kutumiza ku gulu lina la pa intaneti la anthu osonkhanitsa zinthu zakale za sitima.

Yankho linabwera patatha milungu itatu. Mkulu wina wa m'gululo anawazindikira mabataniwo. Sanali a ku Joni, anali a tauni ina yaing'ono, ndipo mkuluyo analemba mbiri yonse: chaka chimene njanji zinayalidwa, misewu imene sitima zinkadutsa, ndi mmene mabasi anazilandira malo mpaka kampani inatsekedwa mu 1939. Mayunifolomu otsala anagulitsidwa ngati kaunjika, ndipo anthu a m'migodi ankawagula chifukwa cha kuzizira.

Mayi Chimphepo anakhala nayo nkhaniyo masiku awiri. Tsiku lachitatu anawapeza a Ambokile akuyang'anira mpunga umene anayanika pabwalo, ndipo anawawerengera zonse pang'onopang'ono.

"Bwerezani chakacho, aphunzitsi."

Anabwereza. Nkhuku zinalowa mumpunga, a Ambokile osaziingitsa.

"Ndiye kuti jekete lija anachita kugula," anatero. "Amayi anakana amuna awiri chifukwa cha jekete limeneli. Ankati munthu wa ntchito yotere sangataye banja."

Anafunsa ngati mkulu wa pa intanetiyo angadziwe kalikonse za munthu wotchedwa Hudson wa ku Nyasaland. Mayi Chimphepo anati anafunsa kale. Panalibe.

Anawathokoza aphunzitsiwo, nawaperekeza mpaka pamsewu akukamba za mvula imene inachedwa. Pobwerera anakhala pakhonde, mpunga uli panja mpaka mpongozi wawo anadzauola yekha.

Lamlungu mwana wawo wamkazi anaimba foni kuchokera ku Mzuzu, kufunsa ngati za agogo zadziwika, chifukwa ankafuna kuuza ana ake. A Ambokile anayankha kuti aphunzitsi akadafufuzabe.