Woperekeza Alendo ku Nsaru

Salma anakulira m'sitolo ya bambo ake, a Jamali, amene ankagula mtedza kwa alimi pa Nsaru. Kuyambira ali wamng'ono ankaona amayi a m'midzi akuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe pouswa, kenako mtedzawo n'kuchita chuku m'matumba. Atafika chaka chomaliza ku yunivesite, anaganiza zochita kafukufuku wapayekha pa nkhani imeneyi. Lamulo linali lakuti apeze kaye mphunzitsi womuyang'anira.

Anagogoda m'maofesi mpaka kutopa. Wina anati ali ndi ana ambiri kale, wina anamuuza kuti za mtedza zinalembedwa zonse. Amene anamvetsera ndi Dokotala Fanuel. Iwo anafunsa mafunso ambiri, maso akuwala, ndipo pomaliza anati asanavomere akufuna akaone okha malowo.

Anapita limodzi ku Nsaru pa nthawi ya tchuthi. A Jamali anatseka sitolo tsiku la msika, chinthu chimene sanachitepo, anapha mbuzi, n'kuitanitsa amayi a m'midzi yozungulira. Amayiwo sakamba za kunyowetsa mtedza kwa mlendo, poopa kutchedwa akuba pa sikelo. Koma tsiku limenelo anamasuka chifukwa wofunsa anali mwana amene anamubereka kumbuyo ali khanda. Adokotala anajambula zithunzi, anadya bwino, ndipo pokwera galimoto anauza a Jamali kuti mwana wawo ali ndi mutu.

Sukulu itatsegulidwa, Salma anapita kuti amalizitse dongosolo. Mu ofesi anapezamo McDonald, mnyamata wa m'tauni amene adokotala ankamukonzekeretsa maphunziro apamwamba kunja. Adokotala anafotokoza mofatsa kuti mutu wa kafukufuku uja wakula, wapeza owuthandiza ndi ndalama, choncho ukufunika munthu wopita nawo patali. Anaupereka kwa McDonald. Koma Salma adokotala anamupezera mutu wina, wongowerenga mabuku m'laibulale.

"Koma mutuwu ndinabwera nawo ndine, adokotala," anatero Salma.

"Palibe akukana. Tikuthokoza m'mawu oyamba. Ndipo tikufunabe kuti uziperekeza mnzakoyu, poti amayi aja amakudziwa."

Mkulu wa dipatimenti atamva dandaulo lake anangoti mutu sukhala wa munthu ngati woyang'anira sanauvomere, ndipo anamukumbutsa kuti mayeso ake omaliza adzachonga ndi adokotala omwewo.

Salma anaimbira foni bambo ake, akuyembekeza kuti akwiya.

"Amayi aja ndinawauza kale kuti a ku yunivesite abweranso," anatero a Jamali. "Ukakana, wabodza ndikhala ine. Maliza sukulu, mwana wanga."

Loweruka lotsatira Salma anakwera minibasi limodzi ndi McDonald. Mnyamatayo sanali woipa mtima. Anamugulira chimanga chootcha pa siteji, ndipo njira yonse ankapewa kumuyang'ana m'maso. Pa Nsaru amayi anali atayala kale mphasa kuseri kwa sitolo. McDonald ankawerenga mafunso, amene ambiri anali omwe Salma anakonza, koma amayi poyankha ankatembenukira kwa Salma.

Amayiwo akubalalika, mmodzi wa iwo, mayi Rozaria, anagwira Salma dzanja n'kufunsa kuti buku lakelo lituluka liti, kuti mdzukulu wawo adzawawerengere. Salma anati chaka chamawa. Atatero analowa m'sitolo, n'kuyamba kuthandiza bambo ake kusoka matumba.