Funso la Boma Salidumpha

Dzina la Bushra litatuluka pa mndandanda wa okalemba mayeso oyamba a ntchito ya ukalaliki m'boma, agogo ake, Abiti Bakali, sanalulutire. Anangotseka chitseko dzuwa lili paliwombo.

"Tsiku lake usauze munthu. Cholembera usabwereke, usabwereketsenso. Akakupatsa madzi kumeneko, uziti ndamwa kale."

"Anganga, awa ndi mayeso osefera chabe. Tilipo mazanamazana. Angalimbane ndi ine ndani?"

"Yemwe sukumudziwayo."

Chaka chatha Bushra analemba mayeso omwewa, koma anagwa. Mafunso anali makumi asanu, nthawi ola limodzi, ndipo belu linalira iye atangopitirira theka. Amalume ake anali atagamula kale kuti akagwanso, akwere basi ya ku Joni akagwire ntchito zapakhomo. Abiti Bakali Joni ankaidziwa bwino. Mayi ake a Bushra anapita komweko ndi miyendo yawo, pobwera anabwera m'bokosi.

Foni ya Bushra inkakhalira kotchajitsa ku Namitambo, choncho wotchi anali agogowo. Anayesa kamodzi, napeza kuti lichero lodzaza nandolo wamuwisi amalisenda ola lathunthu. Ndiye masana aliwonse ankakhala pakhonde, wina ndi mapepala a mayeso akale, wina ndi lichero pamiyendo.

Kuwerenga sankadziwa, koma maso anali nawo. Ankaona cholembera chikuyenda bwinobwino, kenako n'kuima malo amodzi, du, ngati nkhuku yofungatira. Nandolo ankatha mwana asanatembenuze tsamba lomaliza.

Tsiku lachinayi anatulukira a Alufeyo akukankha njinga, bambo amene anagwirapo umesenjala ku boma mpaka kupuma.

"Abiti, mwatsegula sukulu? Ahedi ndinu?"

"Pitani ndi njira, a Alufeyo. Maso anuwo asagwere papepala la mwana."

Koma iwo anali atasuzumira kale. "Iwe Bushra, ukukakamira funso limodzi bwanji? Likakuvuta lidumphe, upite kutsogolo."

Abiti Bakali anagwetsa makoko. "Kudumpha funso la boma? Mwanayu ndinamulera ine. Wamkulu akakufunsa umayankha kaye, sumupatsa nkhongo. Akaona kuti ndi wamwano n'kumufufuta dzina, mukamulembanso ndinu?"

"Mayi, pepala silikwiya. Amangowerenga zimene wakhoza, basi."

"Inu munkanyamula maenvelopu omata. Zam'kati munaziona liti?"

A Alufeyo anaseka mpaka kutsokomola, nakwera njinga yawo.

Bushra anayankhula chapansipansi. "Anganga, akunena zoona. Aphunzitsi ankatero. Kungoti ndikafuna kudumpha, ndimamva mawu anu m'khutu, dzanja n'kuuma."

Mawu amenewo anawalasa Abiti Bakali. Kani mwana anagwa chifukwa cha iwo? Anakasinja mtedza, anakamwetsa mbuzi, koma nkhaniyo inali nawobe pamtima.

Tsiku lotsatira, ali pakati posenda, anadzigwira okha. Khoko lolimba likawavuta, chala chinkalikankhira m'mphepete mwa lichero, iwo n'kupitiriza ndi ofewa. Olimbawo ankawamalizira kumapeto. Anachita zimenezi kuyambira ali mtsikana, ndipo palibe nandolo anadandaulapo.

"Taima kaye," anatero. "Kudumpha ndakana, ndipo ndikukanabe. Koma wamkulu ukhoza kumupempha. Funso likalimba, uike kadontho pambali pake, unene mumtima kuti, 'Pepani bwana, dikirani pang'ono, ndibweranso.' Ndipo ubwereredi! Wonamiza boma sakalamba."

"Ndizigwadanso, anganga?"

"Seka, udzandikumbuka. Yamba."

Cholembera chinayenda. Chinkati chikaima pang'ono, milomo ya Bushra n'kugwedera, icho n'kupitirira. Abiti Bakali anawerenga kupepesa kasanu ndi kawiri. Anaona tsamba lomaliza likutembenuzidwa, kenako mwana akubwerera m'mbuyo kwa mabwana ake aja. Mwadala anafulumizitsa zala, kuopa kuti mwina akumukondera.

"Ndamaliza!"

Anayang'ana m'lichero. Munatsala nandolo wodzaza manja awiri.

"Onse wawayankha? Palibe amene wamusiya chiimire?"

"Mmodzi yekha, wa masamu. Ndangolota."

"Ameneyo a Alufeyo akuthandize, poti amadziwa zonse." Anapukuta manja pachitenje, akubisa kumwetulira. "Ukamuuze malume wako kuti za basi aiwale kaye. Koma usatase. Mawa ndichepetsa nandolo, wotchi za m'boma sindizikhulupirira."