Manja Anayi, Mphasa Imodzi

"Ndinakuuza kuti usaipatse zonse pakamodzi," anatero Tahira.

"Purosesa, ubongo wa laputopuyi, ili ndi manja anayi. Enawo ndi okongoletsa?"

"Manja anayi, koma mphasa ndi imodzi, Yoswa. Taona, yaumanso."

Laputopu yake inali itaumadi, osayankhanso, kachitatu. Tinali kuseri kwa golosale ya bambo ake, a Sadick, pa Malomo. Chilembereni mayeso a Fomu 4, tinkalemba pulogalamu yowerenga kaundula wa mvula ya m'mapiri a Ntchisi, mizere yosatha ya zaka khumi, kuti alimi azidziwa sabata yabwino kudzala. Ine ndinali nditadzilonjeza kuti tsiku limene idzayende ndidzamuuza za kumtima kwanga. Koma m'mawa mwake Tahira ankanyamuka kupita ku koleji ku Lilongwe, laputopu ili m'chikwama.

"Dzanja lililonse walipatsa kaundula yense wakewake," anatero. "Memore, mphasa ija, yadzaza. Kwanu mukamaswa mtedza anthu anayi, aliyense amakhuthula thumba lake lonse pamphasa?"

"Kwathu timatapa m'lichero."

"Makoko akachuluka?"

"Timataya."

"Ndiye mphunzitsi wa anthu, kompyutayi yakulakwira chiyani?"

Ndinafuna kukana, koma ndinaona chala chake chili ndi ufa wa m'golosale chikuloza mzere umene ndinalakwitsa. Tinaudula kaundula uja m'zidutswa za mwezi umodziumodzi. Dzanja lililonse litape chidutswa, liwerenge, lisunge yankho lokha, zotsalazo litaye, kenako litapenso. Ndinadina batani. Fani inalira, koma laputopu sinaume. Manambala anayamba kukwera: awiri pa zana, atatu.

"Ikuyenda ngati ngolo ya abulu pa chitunda," ndinadandaula.

"Koma ikuyenda. Ipatse maola atatu."

Maola atatu. Pofika nthawi imeneyo a Sadick akanakhala atabwera kuchokera kumzikiti, golosale yatsekedwa, ine ndili panjinga kubwerera kwathu.

Tahira anandiyang'ana, akupukuta chala pampango. "Sabata yonseyi ukuthamanga ngati kondakitala. Mvula ndi ya Novembala. Ukuthamangira chiyani kwenikweni?"

Pagalasi panali pa asanu ndi awiri pa zana.

"Ndimati ithe kaye, koma sindifikako. Ndimakukonda, Tahira. Ndikufuna ukafika ku Lilongwe uzikadziwa zimenezo, ndipo mawa undilole ndikunyamulire chikwama mpaka pa minibasi."