Geti la Anock

Apongozi anagwira mimba ya Sophie ndi manja onse awiri, ngati munthu wosankha dzungu pamsika wa Nsungwi. Anaisisita uku ndi uku, kenako anabwerera m'mbuyo n'kuiyang'ana atapendeketsa mutu.

"Yasongoka," anatero NyaLuhanga. "Zinazo zinali zotambalala. Uyu ndi mwamuna, make Rejoice. Mwana wanga wapita, koma watisiyira mbewu."

Sophie anamwetulira chifukwa panalibe china choti n'kuchita. Panali patapita masiku atatu chiikireni mwamuna wake Anock m'manda a ku Area 18. Lole inagunda njinga yamoto imene anakwera pochokera kogula zitsulo ku Kanengo. Tenti inali itachotsedwa, amayi a mvano anali atatenga mapoto awo, ndipo m'nyumba ya ku Area 25 munatsala alendo okhawo amene munthu sungawafunse tsiku lonyamuka: apongoziwo, ochokera ku Rumphi, ndi Thumbiko, mng'ono wake wa malemu.

Thumbiko anakhala pampando wa Anock, makiyi a shedi yowotcherera zitsulo akuwazunguza pachala. Ankalankhula mofatsa, ndipo kufatsa kwakeko ndiko kunkaopsa.

"Alamu, ife kwathu sitilanda katundu, zimenezo n'za anthu osapemphera. Koma achimwene anakulowolani, ndipo khomo la Munthali limaima ndi mwana wamwamuna. Atsikanawa ndi abwino, koma mawa lino akwatiwa, atenga mayina a eni. Ndiye tagwirizana ndi amama chonchi: akabadwa mwamuna, nyumba ndi shedi n'zake, inu mukhala pompano kumulera. Akabadwa mkazi, tigulitsa. Ana apita kumudzi kwa bambo awo, inu mukapuma kwanu ku Dowa."

"Si mkazi," anatero NyaLuhanga.

"Ndiye palibe choopa. Mawa ndikuperekezani kukiliniki akakuunikeni, timve tonse ndi makutu athu. Ine tchuthi chikutha Lachisanu."

Sophie sankasowa kuunikidwa. Anali ataunikidwa kale masabata atatu apitawo, ndipo kapepala kake kanali m'buku la kusikelo, bukulo lili m'pilo, piloyo ali pansi penipeni pa sutikesi. Tsikulo namwino ananena akuseka, Anock ali pomwepo: "Bambo, wamkazinso! Kwangotsala mmodzi kuti timu ya ntchemberembaye ikwane." Anock sanaseke, sanayankhenso. Mu minibasi anangoyang'ana pawindo njira yonse. Kuyambira pamenepo ankachedwa kushedi, n'kumabwera maso ali psuu, kudya pang'ono, kugona. Anali munthu woumira mawu chibadwire, koma kukhala chete kumeneku kunali kwina. Sophie anadziwerengera yekha kuti mwamuna wake wafooka naye.

Aliyense womva mayina a ana awo ankatha kudziwa mmene zinthu zinayendera pakhomopo, pakuti onse anawatcha ndi agogo awo. Woyamba anali Rejoice, wachiwiri Thandie, anthu akadali osangalala. Wachitatu anakhala Pemphani, wachinayi Lindani. Pofika wachisanu agogo anangotumiza uthenga pafoni kuti akhale Tayesa. Pa Tayesayo Sophie anataya magazi ochuluka, anatsitsimuka patapita masiku awiri, ndipo dokotala anawauza onse awiri kuti chiberekero chatopa, asadzayerekezenso. Anamuika njira yolera ya pamkono, nakhala nayo zaka zinayi. Kenako mafoni a ku Rumphi anayamba kutchula mtsikana wina wa khalidwe labwino, wa kubanja lobereka amuna. Sophie anapita yekha kuchipatala n'kukachotsetsa, osauza munthu. Tsiku limene anaulula kuti ndi woyembekezera, Anock anakhala pansi pakhonde, nafunsa kuti, "Paja adokotala anati chiyani?" Atatero ananyamuka kupita kuntchito.

Tsopano Sophie ankaopa ziwiri. Ankaopa opaleshoni yobereka imene inkamudikira mu Disembala, kuti mwina sadzadzukanso. Ankaopanso kudzuka, n'kupeza ana ake asanu akwezedwa basi ya kumpoto. Mnansi wina anamunong'oneza pamaliro kuti lamulo limateteza mkazi wamasiye. Iye ankadziwa zimenezo, koma lamulo silinkagona m'nyumbamo, pomwe Thumbiko ankagona pabalaza.

Rejoice anamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa mbale zochapa kale. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali ngati bambo ake, mikono yodzala timabala takuda timene mayi ake ankati n'ta mbaula.

"Amayi, ingowauzani. Mawa akamva kwa nesi ziipa kwambiri."

"Tseka pakamwa. Wamva kwa ndani?"

"Adadi anandiuza."

Mbale inapulumuka m'manja mwa Sophie n'kugwera m'beseni. Kuti Anock, amene sanamuuze iye ngakhale liwu limodzi, anakadandaulira mwana! Anafuna kufunsa kuti ananena chiyani, koma anaopa yankho lake.

"Ukatsegula pakamwa, uyambe kulongedza," anatero. "Ukufuna Tayesa akalowe sukulu kumene sadziwa ngakhale kupempha madzi?"

Masana Thumbiko anati akufuna kukaona shedi. Kungoona chabe, anatero, ngakhale anali atamveka kale pafoni akufunsa munthu wina ngati amagula makina ogwirapo ntchito. NyaLuhanga anati apita nawo, aone pamene mwana wawo ankathera masiku. Sophie sakanatsala. Anayenda kumbuyo kwawo atagwira msana, Rejoice ali pambali pake. Potuluka anakankha lata lakale limene linkatseka mpanda wawo. Anock anali atawotcherera mageti a mabwana a ku Area 49 osawerengeka, koma la pakhomo pake linakhala lonjezo kwa zaka khumi.

Shediyo inali m'mbali mwa msewu, pakati pa wokonza matayala ndi wogulitsa makala. Thumbiko analimbana ndi loko mpaka Rejoice anamuuza kuti, "Mukokere kwanu kaye, ankolo."

"Sindine ankolo ako. Ndine bambo ako tsopano," anatero, koma anakokera ndithu, loko n'kutseguka.

Mkati munkanunkha chitsulo chopsa ndi penti. Ovolosi ya Anock inali pamsomali, zigongono zake zikadali zopindika, ndipo Sophie anayang'ana kumbali. Thumbiko anazungulira akugwira ichi ndi icho. Anakankha makina owotcherera ndi phazi, ananyamula gulainda yodulira zitsulo kuti amve kulemera kwake. Kenako anatenga chigoba chotchingira kumaso n'kuyesa kuvala. Lamba anakanirira pamphumi.

"Achimwene mutu wawo unali waung'ono chonchi?" anaseka, n'kuchiponya patebulo.

Kukhoma la kumbuyo kunali chinthu chachikulu chofundidwa lona. Thumbiko anati ngati ndi geti la kasitomala, mwini wake afunika kudziwitsidwa. Anakoka lonayo, fumbi linabuka, onse anatsokomola.

Linali geti la zitseko ziwiri, lopaka penti yofiira yapansi, lolimba kuposa onse amene Sophie anaonapo akutuluka mushedimo. Pakati pake, kuchokera pamwamba kutsika, panali mayina opindidwa ndi chitsulo chopyapyala. REJOICE. THANDIE. PEMPHANI. LINDANI. TAYESA. Pansi pa Tayesa panali dzina lina losamaliza: ZIPOR. Chilembo chotsiriza, A, chinali pansi chitatsamira khoma, chopindidwa kale koma chosawotcherera.

Sophie anawerenganso dzinalo. Dzina la mkazi limene sanalimvepo, pa geti la mwamuna wake! Maganizo anathamangira kwa mtsikana wa ku Rumphi uja, ndi kuchedwa konse kwa masabata atatu.

"Ameneyu ndi ndani?" anafunsa.

Rejoice anayang'ana mayi ake, anayang'ana agogo ake, kenako anayang'ana pansi.

"Ndi wobwerayo, amayi."

Kunja wokonza matayala ankamenya limu ya tayala ndi nyundo. Sophie anayang'ananso getilo. Chinsinsi chimene anachibisa pansi pa sutikesi chinali chitaima pakhoma, chachitali kuposa munthu.

"Ndiye kuti ndi mkazi," anatero Thumbiko. Mawu ake anatuluka otsika, ndipo maso ake sanachoke pa dzinalo. "Alamu, mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"M'mawa muja munangotiyang'ana?"

"Ndimaopa, alamu. Ndikuopabe. Musanditengere ana, chonde. Nyumbayo tengani, koma ana..."

"Khala chete, make Rejoice," anatero NyaLuhanga. "Iwenso Thumbiko."

Mayi wokalambayo anasendera pafupi ndi geti. Anawerama movutikira, n'kuyendetsa chala pa zilembozo chimodzichimodzi, monga anaphunzirira kusukulu ya mishoni. Atafika pamene panasowa chilembo, chala chinaima.

"Make Rejoice, iwe dzina langa umalidziwa?"

"Ndinu a NyaLuhanga, amama."

"Limenelo n'la bambo anga. Langa ndi ili." Anagogoda chitsulocho. "Wakhala pakhomo pathu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, sunalimvepo, chifukwa palibe amalitchula. Ine ndinali mwana wamkazi wachisanu ndi chimodzi. Tsiku limene ndinabadwa bambo anga sanabwere kudzandiona, anapita kukamwa. Anock ndinamuuza kamodzi kokha, ali mwana. Sindinadziwe kuti anasunga."

Anatembenukira kwa mdzukulu wake. "Iwe, anati chiyani bambo ako?"

"Anati ife asanu mayina anatipatsa ndi agogo, uyu amupatsa okha." Rejoice anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Amafuna geti lithe amayi asanapite kuchipatala, aliwone. Tsiku munakaunikidwa lija, amayi, anabwera muno n'kukhala pachidebe icho, kulira. Ine ndinawafunsa ngati akulira poti ndi mkazi. Anandikalipira. Anati, 'Mkazi walakwa chiyani? Ndikuopa Disembala. Amayi ako akapanda kudzuka, ndidzati ndinawapha ndi kukhala chete kwanga.' Anatinso uyu akabadwa basi, kwatha, wofuna mwamuna akabereke yekha."

Sophie anakhala pachidebe chomwecho. Masabata atatu anagona pafupi ndi munthu amene ankaopa chimodzimodzi ndi iye, aliyense atatembenukira kukhoma lake. Analira mokweza, kulira kumene sikunatuluke ngakhale kumanda, ndipo munali chisoni ndi mkwiyo womwe. Munthu wanji wotha kupinda chitsulo koma osatha kutsegula pakamwa?

NyaLuhanga anatambasulira dzanja kwa mwana wake wotsalayo. "Makiyi."

"Amama, tinagwirizana. Akuluakulu kumudzi akafunsa."

"Akafunse ine. Ndine ndinkaimba mafoni aja, ndine ndikayankhe." Dzanja silinatsike. "Mkulu wako walemba ndi chitsulo. Iwe ufufuta ndi chiyani?"

Thumbiko anaika makiyi m'dzanjamo, osati mokondwa. Mayiyo anawaika pamiyendo ya Sophie. Sanapepese, pakuti sanali munthu wopepesa. Anangoti, "Ine sindipita Lachisanu. Ndikhala mpaka Disembala. Kuchipatala tipita tonse."

Mawu akuti Disembala anamulasabe Sophie pomwe paja. Manthawo sanachoke, ndipo panalibe kiyi wowatsekera. Koma anafumbata makiyiwo mpaka anamupweteka m'manja.

"Chabwino," anatero Thumbiko akudzikuntha fumbi. "Nanga shedi ayendetsa ndani? Geti lomweli atsiriza ndani? Makina sadziwa mayina."

Rejoice anatola chilembo chija pansi, anachipukuta ndi siketi, n'kuchipanikiza pamalo pake. Anayang'ana babu kuti aone ngati magetsi alipo, analumikiza waya kugeti, anasankha ndodo yowotcherera m'kachitini osafunsa munthu. Apo m'pamene Sophie anayang'ananso timabala ta pamikono ya mwana wake, n'kukumbukira nthawi zonse zimene anamukalipira kuti kukapereka chakudya kushedi sikutenga maola atatu.

"Agogo, musayang'ane moto, umawotcha maso," anatero Rejoice.

Anatenga chigoba chimene chinamukana Thumbiko. Kumbuyo kwake lamba anali atafupikitsidwa, n'kumangidwa ndi kawaya kopotedwa katatu, mmene Anock ankamangira chilichonse chimene sankafuna kuti chidzamasuke. Rejoice sanakhudze lambayo. Anangochiika kumutu, ndipo chinalowa bwinobwino.